Zigamba Zofiira za ku Joni

Anakumanirana pakhonde la sitolo ya Mmwenye pa Ntcheu Boma, chaka cha 1952. Selestina anali atagwada pafupi ndi makina a telala, a Goliati, bambo wamfupi ngati mtondo, akutola tinsalu totsala. Kenaka panafika mnyamata wodzasoketsa buluku lomwe linang'ambika pamalo osatchulika.

"Chemwali, zinyalalazo mukadyetsa mbuzi?"

"Ndikusoka gombeza la zigamba, tinaphunzira kumishoni. Inu samalani za buluku lanulo, mphepo ikulowa."

A Goliati anaseka mpaka kuthyola singano. Mnyamatayo anali Yoramu wa ku Biriwiri, ndipo pakamwa pake, abale inu, panali uchi! Mwezi usanathe anali atapereka kale mpango wa chikole. Mwezi winawo anakwera lole ya anthu opita kumigodi ya ku Joni.

"Duwa langa, zaka ziwiri zokha. Gombezalo likamatha, ine ndili pakhomo. Tidzafunda awiri."

Basitu Selestina anadziikira lamulo: tsiku limodzi, chigamba chimodzi. Akaweruka kumunda, singano. Nthawi yokumba mbatata zala zitang'ambikang'ambika, singano. Ulusi ukatha ankasolola wa thumba la mchere. Tsiku lomwe anagwidwa malungo chigamba chinakhota ngati njira ya woledzera, koma chinalowa ndithu.

Makalata ankabwera. "Wapamtima wanga, pansi pano ndi mdima, koma ndikakumbukira mano anu oyerawo sindifunanso nyali." Ee, munthu kunama mpaka kukana nyali mumgodi! Koma Selestina ankawerenga kasanu, nkubisa kudenga.

Chaka chachiwiri makalata anayamba kuchepa, gombeza likukula. Loweruka lina a Goliati anamupatsa tinsalu tofiira ta maluwa achikasu, tosalala, tosapezeka m'sitolo iliyonse ya pa Boma.

"Koma ndiye kukongola! Nsaluyi ndi ya ndani, bambo?"

"Ine ndimangosoka, mwanawe," anatero a Goliati maso ali kumbali.

Selestina anatisokerera pakati penipeni, pamene padzakhale chifuwa cha Yoramu. Masiku asanu ndi awiri, zigamba zisanu ndi ziwiri.

Lamulungu lotsatira m'tchalitchi munalowa Regina, mtsikana woimba kwaya, atavala diresi latsopano. Lofiira, maluwa achikasu! Potuluka anazungulira kawiri kuti aliyense aone.

"Nsalu ya ku Joni imeneyi, anzanga. Atumiza a Yoramu anga a ku Biriwiri. Akuti ndidzawachingamire nayo mu Juni."

Selestina sanadziwe kuti kunyumba anafika bwanji. Kwa Regina nsalu yathunthu, kwa iye zotsala zogwera pansi? Analira mpaka maso kutupa. Anatenga lezala kuti asomole zofiirazo, koma dzanja linaima m'malere.

"Kodi anabayidwa zala ndani? Regina?"

Anaponya lezala uko, nkulowetsa ulusi pasingano. Kunali kutatsala ngodya imodzi. Tsiku limenelonso chigamba chinalowa, chonyowa ndi misozi. Mawa lake china. Mkuja china.

Juni anafika ndi chisanu chake chothyola mafupa. Masana ena gombeza litayanikidwa pachingwe, lathunthu, kunamveka belu la njinga. Yoramu! Chipewa chopendekera, nsapato zonyezimira.

"Nyenyezi yanga! Ndinanena kuti likamatha ndili pakhomo. Taonani kukongola kwake!"

"Bwerani pafupi, a Yoramu. Muone pakatipa."

Anayandikira akumwetulira. Kumwetulirako kunauma pang'onopang'ono.

"Mwaizindikira? Inayenda ulendo wautali nsaluyi."

"Aaa, Selestina, musamve za anthu. Regina ndi... ndi msuweni wanga chabe."

"Ine ndatchula Regina? Komanso zili bwino, asuweni amakwatirana."

"Wokondedwa, satana anangondi..."

"Satana amadziwa ndi muyezo wa m'chiuno momwe?"

Mtima wa Selestina unkapweteka ngati wapondedwa ndi ng'ombe. Anayanula gombeza nkulipinda bwinobwino.

"Chikole chanu akubwezerani amalume mawa."

"Nanga gombezalo? Si munasokera ine? Kwathu ku Biriwiri kukuzizira, mai!"

Selestina analikumbatira pachifuwa, lolemera, lofunda ndi dzuwa. Anaima pakhomo nkucheuka.

"Ili ndi langa, ndinasoka ndekha. Inu mukazizidwa, kafundeni diresi."