Tsiku Limene Mawaya Anavina

Tisungeni anali mtsikana wa kwa Malemia. Ankakonda wailesi. Koma wailesi ya kwawo inkangoti shii, shii. Tisungeni ankafuna kumva nyimbo bwinobwino.

Loweruka m'mawa, abambo ake anadula nsungwi yaitali. Anamanga kawaya kunsonga kwake. Kawayako kanatsika mpaka pa wailesi m'nyumba. Nsungwiyo anaizika pakhomo.

Pafupi ndi nyumba pankadutsa mawaya a magetsi. Ankapita ku mishoni.

Amayi anayang'ana kumwamba. Anayang'ananso.

"Bambo a Tisu, sizayandikana izi?"

"Mwayambatu mantha anu aja," anatero abambo. "Taonani danga lonseli. Ng'ombe ikhoza kudutsa."

Kunja kunali bata. Mawaya anali phee. Nsungwi inali njo.

Wailesi inayimba bwino. Tisungeni anavina. Abambo anapita kudimba. Amayi anakapeta chimanga kuseri.

Masana mphepo ya mwera inayamba. Inawomba. Inawombanso. Fumbi linadzuka pabwalo.

Tisungeni anayang'ana kumwamba. Mawaya ankapita uko. Ankabwera kuno. Nsungwi nayo inkawerama. Danga lija linachepa. Ng'ombe sikanadutsa.

Nyimbo inali kukoma. Koma Tisungeni anasiya kuvina.

"Ndikanena, achotsa nsungwi," anaganiza. "Wailesi iyambanso shii, shii."

Anakhala pansi. Anaimirira. Anakhalanso pansi.

Mphepo inakula. Mawaya anapita uko. Anabwera kuno. Tsopano ndi mbuzi yomwe sikanadutsa.

Tisungeni anathamangira kuseri.

"Amayi, mawaya akuvina. Atsala pang'ono kukhudza nsungwi."

Amayi anasiya lichero. Anabwera kudzaona. Anagwira dzanja la Tisungeni mwamphamvu.

"Usakhudze nsungwi. Usakhudze wailesi. Usalowe m'nyumba. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Amayi anathamanga kukaitana a Hassani. A Hassani ankakhala kutsidya kwa msewu. Ankagwira ntchito yokonza mawaya a magetsi.

A Hassani anafika. Abambo nawo anafika, khasu lili paphewa.

"Tiime patali tonse," anatero a Hassani. "Magetsi akalowa m'kawayako, afika mpaka m'nyumba."

"Komatu m'mawa zinali zotalikirana," anatero abambo.

"M'mawa kunalibe mphepo, achimwene. Waya samangidwa kuti gwa. Amalendewera pang'ono pakati pa mapolo. Mphepo ikabwera, amayenda. Danga la m'mawa si danga la masana."

"Ine ndimati ng'ombe ikhoza kudutsa."

"Pano ndi nkhuku yomwe singadutse, ababa," anatero Tisungeni.

A Hassani anaseka. Abambo anakanda m'mutu. Amayi sanaseke. Maso awo anali kumwamba.

Onse anakhala patsinde pa mango. Anadikira. Wailesi inkayimba yokha m'nyumba. Tisungeni anaimirira. Amayi anamukhazika pansi. Anadikirabe.

Dzuwa litapendeka, mphepo inatopa. Mawaya anakhalanso phee.

"Tsopano," anatero a Hassani.

A Hassani ndi abambo anazula nsungwi. Anaigoneka pang'onopang'ono, mbali yopanda mawaya.

Wailesi inati shii, shii.

Tisungeni anazyolika.

"Ndiye basi, ababa? Nyimbo zatha?"

"Ayi, mwanawe," anatero abambo. "Tisonyeze iweyo pozika. Maso ako aposa anga."

Tisungeni anayenda. Anadutsa khitchini. Anadutsa nkhokwe. Anatembenuka n'kuyang'ana mawaya. Anali kutali.

"Pano," anatero.

A Hassani anavomera ndi mutu. Abambo anakumba dzenje. Anazika nsungwi. Analumikiza kawaya kena kuti kafike pa wailesi.

Mphepo inabweranso. Mawaya anavina uko. Nsungwi inavina kuno. Sizinakumane.

Wailesi inayimba. Tisungeni anavina. Abambo anavina ndi khasu lawo.

Amayi anayang'ana kumwamba kamodzi kokha. Kenako anamanga chitenje, n'kuyamba kuvina nawo.