Nyarai ndi Ngalande ya pa Geti

Nyarai amakhala ku Mufakose. Iye amaopa mvula. Chaka chatha madzi analowa m'nyumba. Ananyowetsa mabuku ake onse.

Madziwo anasefukira mu ngalande ya pa geti. Ngalandeyo inali yotsekeka. Munadzaza timapepala ta firiziti, chakumwa chozizira choyamwa m'kapulasitiki.

Tsopano mitambo yayambanso kuda. Ngalande yadzazanso.

Azakhali a Nyarai dzina lawo ndi a Iris. Anakhala kunja kwa dziko zaka zambiri. Angobwera kumene. Anaima pa geti, manja m'chiuno.

"Mufakose wanga ndi ameneyu?" anatero azakhali. "Kale ngalande iyi inali mbee! Lero ngakhale chule sangadutsemo."

"Ndiye titani, azakhali?" anafunsa Nyarai.

"Palibe, mwananga. Anthu a masiku ano samva."

Nyarai anatenga katoni yoti aike pa geti. Analembapo m'Chishona kuti aliyense awerenge. Analemba kuti, "Anthu onse akutaya zinyalala pano. Lekani!"

Lolemba anthu anataya. Lachiwiri anataya. Lachitatu anataya kwambiri.

Denzel, mnzake wa kusukulu, anatayanso kapepala kake.

"Iwe Denzel, sudziwa kuwerenga?" anafunsa Nyarai.

"Ndawerenga," anayankha Denzel. "Walemba wekha kuti onse akutaya. Nanga ine si munthu?"

Nyarai anachotsa katoni ija. Anakhala pa mwala. Anangoyang'ana.

Ana amagula firiziti pa takishopu, kagolosale ka pafupi. Amayamwa akuyenda. Amayamwa, amayamwa. Firiziti imathera pa geti la Nyarai. Dzanja limatseguka. Kapepala kamagwa.

Ena amamaliza msanga. Amamalizira pa geti la Mayi Magret, oyandikana nawo nyumba. Koma sataya pamenepo. Mayi Magret amasesa m'mawa uliwonse. Tsache lawo limasiya mizere yokongola pa dothi. Ana amaona mizereyo. Amafumbata kapepala mpaka pa ngalande ya Nyarai.

Nyarai anathamangira m'nyumba.

"Azakhali, ndaona! Anthu amataya pamene ena ataya kale. Posesa sataya."

"Ndiye ine ndikasesere anthu amwano?" anafunsa azakhali.

"Ayi, azakhali. Tisesere mabuku anga."

Azakhali anang'ung'udza. Anang'ung'udza akumanga chitenje. Anang'ung'udza akunyamula fosholo.

Azakhali anakumba. Nyarai anatola. Anakumba, anatola. Anakumba, anatola. Ngalande inaoneka pansi pake.

Kenako Nyarai anasesa. Anasiya mizere ngati ya Mayi Magret. Anapachika thumba pa geti. Sanalipachike m'mwamba. Analipachika pamene dzanja la mwana limafika.

Masana Denzel anatulukira. Firiziti yake inatha. Anayang'ana mizere. Anayang'ana thumba. Anaponya kapepala m'thumba.

Mwana wa pambuyo pake anaona. Nayenso anaponya m'thumba. Winanso anaponya m'thumba.

Bambo wina anataya pansi. Nyarai sanakalipe. Anatola msanga ena asanaone.

Loweruka kumwamba kunagunda. Nyarai anaika mabuku pamwamba pa kabati.

Mvula inagwa. Inagwa kwambiri. Nyarai anayang'ana pansi pa chitseko. Panali pouma. Anayang'ananso. Panali poumabe.

"Nyarai, bwera udzaone!" anaitana azakhali pa windo.

Madzi anali kuthamanga mu ngalande. Anadutsa pa geti. Anapita kutali.

"Kale ankathamanga kuposa apa," anatero azakhali.

"Aa, azakhali!"

Azakhali anaseka. Anatsitsa mabuku pa kabati. Anakhala pansi ndi Nyarai.

"Tatsegula ili," anatero. "Undiwerengere mokweza. Mvula ikusokosa."