Thokozire ndi Zitini Zitatu

Thokozire ankakhala ku Chinsapo. Anali mu Sitandade 5. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti sukulu yake ikhale ndi tisheti yokongola.

Tsiku lina aphunzitsi aakulu, Mayi Gwanda, anaitana ana.

"Tidinditsa matisheti a sukulu," anatero. "Chithunzi cha pachifuwa mujambula ndinu. Musankhanso ndinu. Ndani ayendetse mpikisanowu?"

Thokozire anakweza dzanja. Analikweza mpaka anaimirira.

"Ine, Madamu. Ndikwanitsa."

Ana anajambula. Anajambula m'makope. Anajambula pamakatoni. Zithunzi zitatu zinaposa zonse.

Pemphani anajambula minibasi. Salama anajambula mtengo wa mango wa pasukulu. Golden anajambula mkango.

Golden anali mchimwene wake wa Thokozire. Mkango wake unali ndi miyendo yoonda. Unali ndi ndevu. Kunena zoona, unkaoneka ngati mbuzi yanjala.

"Tisankha motere," anatero Thokozire. "Aliyense aime kumbuyo kwa chithunzi chimene wakonda."

Koma Golden anali ndi mpira. Osati wamapepala ayi. Unali wachikopa. Pasukulu ponse unali umodzi womwewo.

Golden anaupanira m'khwapa.

"Amene saima kwanga, mpirawu asaugunde," anatero.

Ana anayang'ana mtengo. Ana anayang'ana mpira. Kenako onse anathamangira kwa Golden. Ngakhale Pemphani anathawa minibasi yake.

Salama anatsala yekha. Anaweramitsa mutu.

Thokozire anakwiya. Sukulu yonse ivale mbuzi pachifuwa?

"Achimwene, uku si kusankha," anatero. "Uku ndi kuopseza. Tibwereza mawa."

"Iwe, ine ndine mkulu wako," anatero Golden.

"Kunyumba ndinu aakulu. Pano woyendetsa ndine."

Mayi Gwanda anavomera.

Ataweruka, Thokozire anapita kugolosale. Anatola zitsekerero za mabotolo. Anatola, anatola, mpaka jumbo inadzaza. Amayi ake anamupatsa zitini zitatu zazikulu. Anamuboolera kabowo pa chivundikiro chilichonse.

M'mawa Thokozire anapachika zithunzi m'kalasi. Chithunzi chilichonse chinali ndi chitini chake.

"Aliyense alowe yekha," anatero. "Aponye chitsekerero chimodzi. Palibe amene amuone."

Ana analowa mmodzimmodzi. Ngwe! Wina analowa. Ngwe! Golden naye analowa. Anakhalitsamo pang'ono. Ngwe!

Kenako Thokozire anatsegula zitini.

Cha minibasi chinali ndi zitsekerero zochepa. Cha mtengo chinali chodzaza.

Chinatsala cha mkango. Thokozire anachigwedeza. Chinali zii. Anachitembenuza. Sipanagwe kanthu.

Ana anaomba m'manja. Salama anamwetulira.

Thokozire anasangalala. Koma anamvera chisoni mchimwene wake. Kunyumba anamupeza atakhala pakhonde. Amayi ankasankha nyemba pambali.

"Achimwene, inu munaponya," anatero Thokozire. "Nanga chitini chanu chinalibe kanthu bwanji?"

Golden anakanda mutu.

"Ndinaponya kwa Salama," anatero. "Ndinaphunzira kulemba dzina langa pansi pa mtengo uja."

Amayi anaseka.

"Ndiye mbuzi ija waitaya?"

"Unali mkango, Amayi."

"Chabwino, mkango wandevu."

Onse anaseka. Golden naye anaseka.

Patapita masabata awiri, matisheti anafika. Anali obiriwira. Pachifuwa panali mtengo wa mango. Thokozire anavala yake. Golden anavala yake.

Masana amenewo Golden anabweretsa mpira. Anauika pakati pa bwalo.

"Salama," anaitana. "Bwera uyambe ndiwe."