Sitima Yoyenda ndi Miyendo

Zione anali mtsikana wamanyazi. Ankakhala ku Limbe ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna, a Laban. Mlendo akamufunsa dzina, Zione ankayang'ana zala zakumapazi. Manyazi ndi katundu wolemera. Amene ali nawo amadziwa.

Zione ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti anthu abwere kudzaona siteshoni ya agogo.

Siteshoniyo inali yaing'ono. Inali kunja pang'ono kwa Limbe. Sitima zinasiya kuimapo kalekale. Sitima za dizilo zinkangodutsa osaima.

Kale agogo ankagwira ntchito pamenepo. Iwo ankaboola matikiti. Anzawo a Stafford ankathira malasha mu injini. Tsopano onse awiri anali atapuma pa ntchito.

Agogo ndi a Stafford anasonkhanitsa zinthu zakale za sitima. Anapeza belu lamkuwa. Anapeza nyali yofiira ndi yobiriwira. Anapeza fosholo ya malasha, wezulo ndi benchi lalitali. Zonse anaziika m'chipinda chodikirira sitima. Mayi Hilda, ogulitsa zitumbuwa, ankasesa ndi kukolopa. Zione ankapukuta belu. Palibe amene ankawalipira. Ankangoikonda siteshoniyo.

Tsiku lina kunabwera a Bennet, bwana wa ku ofesi ya sitima.

"Chipindachi tikuchifuna," anatero a Bennet. "Tili ndi matumba a simenti. Alibe pokhala."

"Nanga zinthuzi, bwana?" anafunsa agogo.

"Tionana Loweruka masana. Ndikapeza anthu akuona zinthuzi, chipinda ndi chanu. Ndikapeza mulibe anthu, matumba alowa. Zitsulozi zituluka."

Loweruka linafika. Agogo anavala jekete lawo lakale la ntchito. Mabatani ake ankawala. Anavalanso chipewa chakuda. Anaima pakhomo, nji, ngati mtengo wa magetsi. M'manja anagwira choboolera matikiti. Ankachiliza. Tche, tche. Tche, tche.

"Lero mudzaza muno," anatero agogo.

Mayi wina anabwera ndi dengu pamutu. Anaona agogo. Anaima. Anakhotera kanjira ka kuseri kwa mitengo ya bulugama.

Bambo wina anabwera pa njinga. Anaona agogo. Anatembenuza njinga.

Anyamata awiri anabwera akuseka. Anaona agogo. Kuseka kunatha. Nawonso anakhotera kuseri kwa mitengo.

Palibe amene analowa.

"A Laban, vuto ndi nkhope yanuyo," anatero a Stafford. "Mwetulirani pang'ono. Mukuoneka ngati mwameza malasha."

"Malasha munameza ndinu," anayankha agogo. "N'chifukwa chake mano munatsala nawo atatu."

Agogo anamwetulira. Anamwetulira mpaka masaya anawawa. Komabe palibe amene analowa.

Mayi Hilda anapatsa Zione ndowa. "Pita ukatunge madzi kumpopi, mwanawe. Tiwaphikire tiyi akuluakuluwa."

Kumpopi kunali amayi awiri. Ankalankhula monong'ona.

"Lero musadzere ku siteshoni, amwali," anatero woyamba. "Kwaima bambo wa chipewa. Akufunsa makhadi."

"Ine langa ndasiya kunyumba," anatero wachiwiri. "Ndizungulira basi."

Masiku amenewo munthu aliyense ankayenda ndi khadi la chipani. Ankalifunsa pachipata cha msika. Ankalifunsa pokwera basi. Wopanda khadi ankabwezedwa. Anthu ankaopa aliyense woima pakhomo.

Zione anafuna kunena kuti, "Ayi, amenewo ndi agogo anga." Anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anasenza ndowa, nabwerera.

Atafika, anakoka jekete la agogo.

"Agogo," ananong'ona. "Anthu akukuopani."

"Akuopa ine?"

"Akuti mukufunsa makhadi."

Agogo anavula chipewa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'kati, nakhala pabenchi.

"Ine ndimati ndikuwalandira mwaulemu," anatero agogo.

"Ndiye tipite kumsewu," anatero a Stafford. "Tikakuwe kuti kuno sitifunsa..."

"Chete, bambo," anatero mayi Hilda. "Zimenezo sakuwa pamsewu. Mukufuna tikagone kwina lero?"

A Stafford anatseka pakamwa. Dzuwa linali litakwera. A Bennet anali pafupi kufika.

Zione anayang'ana agogo. Anayang'ana belu limene anapukuta. Anayang'ana chipewa chili pabenchi. Anaganiza mumtima, "Ine palibe amene amandiopa. Ngakhale nkhuku sizindiopa."

Anatenga chipewa, nachivala. Chipewa chinatsika mpaka pamphuno. Anachikweza. Chinatsikanso. Anatenga wezulo, natuluka.

"Ukupita kuti?" anafunsa agogo.

"Kukatenga anthu," anatero Zione.

Miyendo yake inkafuna kubwerera. Koma Zione sanabwerere.

Pafupi ndi mpopi ana ankasewera fulaye. Zione anaima pambali. Manyazi anamugwira. Mawu anakana. Koma wezulo siifuna mawu. Zione anaiika pakamwa.

Piiii!

Ana onse anaima. Mpira unagwa pansi.

"Taonani," anatero mnyamata wina, dzina lake Lackson. "Chipewa chikuyenda chokha. Chili ndi timiyendo."

Ana anaseka. Nkhope ya Zione inatentha.

"Sitima ya ku Nsanje," anatero motsitsa.

"Wati chiyani, iwe?"

Zione anakoka mpweya. "Sitima ya ku Nsanje ikunyamuka. Kwerani."

"Ili kuti sitimayo?" anafunsa Lackson.

"Ndine," anatero Zione.

Kamtsikana kena, Idah, kanathamanga. Kanagwira Zione m'chiuno. Mwana wina anagwira Idah. Winanso anagwira ameneyo. Lackson anakanda mutu.

"Chabwino," anatero. "Koma ine ndikhala kumapeto. Kumapeto kumakhala akuluakulu."

Zione analiza wezulo. Sitima inanyamuka. Inali sitima ya miyendo. Chuku chuku, chuku chuku. Fumbi linali koboo.

Sitima inadutsa pampopi.

"Luchenza," anatero Zione. Ana ena anakwera.

Sitima inadutsa pasitolo ya a Nooruddin.

"Sandama," anatero Zione mokweza. Mwana wa a Nooruddin, Naznin, anatuluka nakwera. Anakwera ndi mlongo wake wamng'ono.

Sitima inadutsa pachigayo.

"Bangula!" anakuwa Zione. Mawu ake anamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Iye mwini anadabwa.

Sitima inatalika. Inatalika ngati njoka. Chuku chuku, chuku chuku. Zione anaikhotetsera ku siteshoni.

Amayi a kumpopi aja anaona. Anasiya ndowa zawo.

"Idah, bwerera kuno," anaitana amayi ake. "Kumeneko ayi."

Koma sitima siima pakati pa njira. Inalowa m'siteshoni, yonse yathunthu. Amayi anathamangira ana awo. Abambo anatsatira amayi. Onse anafika pakhomo, naima. Anasuzumira m'kati mwamantha.

Pakhomo panalibe munthu. M'kati munali nkhalamba ya mutu wa imvi, yopanda chipewa. Ana anali ataizungulira. Mayi Hilda anali atathyola masamba a mango. Mwana aliyense anali ndi tsamba lake. Agogo ankaboola masambawo. Tche, tche. Tche, tche.

"Lowani, amayi," anatero mayi Hilda. "Tikiti ndi tsamba la mango. Mtengo uli apowo. Thyolani."

Amayi a Idah analowa pang'onopang'ono. Anayang'ana mabatani a agogo.

"Kodi ndinu aja munaima pakhomo?"

"Ndine ndemwe," anatero agogo.

"Mwatizunguliritsa mtunda wautali lero, bambo."

"Pepani, mayi. Bweretsani tsambalo."

Tche. Amayi a Idah anaseka. Kenako anaona benchi. Analisisita ndi dzanja.

"Benchi ili ndikulidziwa," anatero. "Ndinakhalapo tsiku limene ndinafika kuchokera ku Chiromo. Ndinali kamtsikana ngati Idah. Ndinkalira, ndikufuna kwathu."

Anakhala pansi. Anaitana mnzawo. Mnzawo anaitana wina.

A Stafford ananyamula fosholo. Anaonetsa ana kathiridwe ka malasha. "Umawerama chonchi. Umaponya chonchi. Pokwera phiri la Thyolo, injini imadya ngati Lackson."

"Mwandiona liti ndikudya?" anafunsa Lackson.

"Mimbayo ndi imene yandiuza."

Naznin anayatsa nyali. Inawala mofiira. Anaitembenuza. Inawala mobiriwira. Idah analiza belu. Ngee, ngee, ngee. Anthu a kumsewu anamva belu. Nawonso anabwera.

Masana kunafika lole. Inali yodzaza ndi matumba a simenti. A Bennet anatsika. Anayenda mpaka pakhomo. Njira panalibe. Panali misana ya anthu yokhayokha.

Pakhomopo panaima chipewa cha timiyendo.

Zione anayang'ana nsapato za a Bennet. Zinali zazikulu. Zinali zonyezimira. Manyazi anabweranso. Koma Zione anakweza chipewa. Anakweza maso.

"Pepani, bwana," anatero. "Tikiti yanu."

"Tikiti? Ine ndilibe tikiti."

"Nayi."

Zione anawapatsa tsamba la mango. A Bennet analitembenuza uku ndi uku. Anthu anapatuka, nawasiyira kanjira. A Bennet anafika pamene panali agogo. Anapereka tsamba lija.

Tche.

A Bennet anaona belu. Anaona nyali. Anaona benchi lodzaza ndi amayi. Anaona ana akulimbirana fosholo. Anatuluka, napita pa lole.

Agogo anagwira phewa la Zione.

"Adalaivala," anatero a Bennet. "Matumbawa pitani nawo ku Makata. M'chipindamo mwadzaza kale."

Lole inatembenuka, nipita. Mayi Hilda analuluta. A Stafford anavina ndi fosholo. Agogo anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Ndi fumbi la lole," anatero agogo.

"Inde, fumbi," anatero a Stafford.

Dzuwa litapendeka, amayi a Zione anaweruka kuntchito. Anakumana ndi agogo ndi Zione panjira.

"Ndamva kuti lero kwadutsa sitima yatsopano," anatero amayi. "Akuti inali yaphokoso. Woyendetsa wake anali ndani?"

Zione anatsegula pakamwa. Panatuluka kamawu kosasa, ngati ka tambala wamng'ono. Amayi anadabwa.

"Woyendetsa ndi ameneyu," anatero agogo. "Mawu amuthera ku Bangula. Mumuphikire tiyi wa mandimu. Loweruka likubwerali ali pa ntchito."

Amayi anamunyamula Zione, ngakhale anali wamkulu. Atatuwo anapita kunyumba akuseka.