Maluwa Oyamba a Tsabola

Dzuwa litapendeka, mkazi wa mmisiri wa matabwa ankathirira tsabola wake wosawawa kuseri kwa nyumba. Mbande anapatsidwa ndi apongozi ake aakazi, iliyonse ndi dothi lake lakuda kumizu. Anamulangiza kuti azithothola maluwa oyamba kuti mtengo uyambe wakhwima, koma asamawataye, aziwapititsa kwa iwo.

Anamvera, pakuti sankafuna kuti anthu amutche mkazi wosadziwa dimba. Akamathothola, mwana wake wamkazi ankakonda kumuonerera. Tsabolayo anabereka zipatso zonenepa ngati nkhonya. Koma madzi akangofika kumizu, pankatuluka fungo la chinthu chovunda, ndipo ntchentche zobiriwira zinkadzazana pamasamba. Iye ankangolavula, n'kudziuza kuti ndi manyowa.

M'mudzimo munayamba kugwa maliro. Anamwalira mwana wa telala, kenako wa wometa, kenako wa mzamba; onse osadwala, onse oyamba kubadwa. Pachitsime amayi ankanong'onezana kuti manda atsopano akutitimira ngati wina akutapapo dothi.

Tsiku lina anadula tsabola mmodzi kuti aphike. Mpeni unagunda chinthu cholimba. M'malo mwa njere, m'katimo munali timano ta mwana, tomatirira pamnofu wotumbuluka wochucha mafinya. Anawerama kuti aonetsetse. Ali chiweramire, anakumbukira kuti maliro aliwonse ankagwa iye akangopereka maluwa.

Anapita kwa apongozi atanyamula tsabolayo patsamba. Anawapeza pakhonde akutafuna kanthu, milomo ili noninoni. Sanagwade, ngakhale moni sanapereke.

"Amayi, dothi lija munalitenga kuti?"

"Wadya kangati, mwananga?" anatero akumwetulira. "Pamene anzako ankakusirira sunafunse."

Anawauza mosaphethira kuti azula zonse n'kuzitentha, ndipo dzanja lake silikhudzanso duwa. Unali utatsala mtengo umodzi wokha wosathothola, wakumpanda, umene unali utangomasula kumene maluwa. Apongozi anangoyang'ana kunjira.

Kumeneko kunkabwera mwana wamkazi uja wa mkazi wa mmisiriyo, woyamba kubadwa, akuthamanga atafumbata kanthu.

"Amama, ndakuthandizani. Mtengo wakumpanda uja munauiwala."

Anafumbatula. M'dzanjamo munali kaduwa koyera, kakadali konyowa ndi madzi othirira. Apongozi anameza chimene ankatafuna chija, napukuta milomo, n'kutambasula dzanja lawo.