Ukonde wa pa Phulusa

Mabwato anachedwa kukocheza, ndipo Lastone ananyamuka padoko la kumtsinje ku Chanyanya mdima utagwira kale, dengu la nsomba lili pakaliyala. Mtima unali m'mwamba. Mkazi wake Naomi anali atanenetsa m'mawa: akagonanso kunja, iye anyamula zovala n'kubwerera kwawo. Ankakhulupirira kuti kumtsinjeko kuli mkazi wina, chonsecho Lastone, mwana wa munthu, ankangokhalira kudikira asodzi.

Njira yachidule inali ya pa Phulusa. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo asodzi analemba sing'anga kuti aitane nsomba. Mankhwala anatembenuka. M'malo mwa nsomba kunabwera mtsinje wonse, numeza mudzi usiku umodzi. Madzi ataphwa panatsala dothi lotuwa lomwe mpaka lero silimera ngakhale chisoso. Odutsapo amadziwa lamulo: tsika panjinga, kankha, ndipo usanyamulire munthu katundu.

Lastone anatsika, nayamba kukankha. Pafupi ndi mtengo wouma anapeza bambo wina atawerama ndi ukonde paphewa.

"Shani mwana wanga," anamulonjera bamboyo. "Ndine Whiteson. Nithandizeko, nifuna chabe kufika kunyumba. Bakazi banga baniyembekeza."

Mawu amenewo ndiwo anamupha Lastone. Mnzako wa vuto limodzi ungamusiye bwanji? Lamulo lija analikumbukira ndithu, koma anangoti zamakedzana izo. Anaika ukonde pamwamba pa dengu.

Njinga inalemera ngati yasenza matumba a simenti. Madzi anayamba kuchucha, ozizira, onunkha matope. Anakankha, nakankha. Kutsogolo magetsi a kufakitale ya feteleza ankaoneka bwinobwino, koma osayandikira.

Mtengo wouma uja... uwunso!

Anatukwana chamumtima. Anakankha mwaukali, thukuta kamukamu. Mtengo uja kachitatu!

"Ba Whiteson, nanga njira iyi ni ya bwanji? Tizungulira pamodzimodzi!"

"Tili pafupi," anatero bamboyo. "Manzi yakachepa tizafika."

Madzi ati? Lastone anayang'ana pansi. Fumbi lokhalokha. Koma miyendo yake inkakoka movutikira, ndipo buluku linali litanyowa mpaka m'mawondo... kenako m'chiuno... Kuzizira kunafika pachifuwa. Mapazi a mnzakeyo sankamveka. Ngakhale mpweya wake.

Anagwira ukonde kuti autaye. Unakana! Unamukola zala. Anakoka, nalira, naitana Yesu, naitana ndi amayi ake omwe.

Tambala analira kutali. Pomwepo njinga inapepuka. Kucheuka, munthu palibe, ukonde palibe.

Anafika kunyumba ku Kafue dzuwa litatuluka, nsomba zitayamba kale fungo. Naomi anali pakhomo, chikwama chili m'manja, mwana kumbuyo. Lastone anagwada pafumbi n'kufotokoza zonse mwachibwibwi.

"Nilumbira, Naomi! Nenze kuthandiza mudala wina pa Phulusa. Ba Whiteson, batali, ba ukonde. Tiye tikabafunse!"

Naomi anaika chikwama pansi.

"Ba Whiteson ni ba malume banga. Banafa na manzi yaja, nikali ku sukulu. Thupi sitinaipeze mpaka lelo." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Boza yonse yasila, manje wayamba kunamizila bakufa?"

Ananyamula chikwama chake, nalunjika kumsewu kokakwera minibasi.