Makope a Malemu a Chimbalanga

"Kodi amene amalemba mabuku a masamu salakwitsa?"

Anafunsa ndi Sungeni, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, m'nyumba yosindikizira mabuku ya mayi Kalinde ku Balaka. M'chaka cha 2074 mabuku onse ankayalidwa ndi makina. Munthu ankangoika pepala lolemba pamanja pagalasi, kuwala kobiriwira n'kudutsa, manambala ndi zizindikiro n'kufola zokha, zoyera bwino, popanda pofufuta.

Bambo ake a Sungeni, Lonjezo, anali atafumbata makope atatu a malemu bambo awo, a Chimbalanga, amene anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Sungeni anali atasiya kulemba m'kalasi. Akalakwitsa samu imodzi ankang'amba tsamba lonse n'kulira, ndipo aphunzitsi anachenjeza kuti akapanda kulemba mayeso a mwezi wotsatira abwereza kalasi. Lonjezo ankaganiza kuti mwina buku la agogo ake lingamulimbitse mtima mwanayo.

"Mapulogalamu oyalira masamu alipo awiri, achimwene," anatero mayi Kalinde. "Msalaza ndi wachangu. Akapeza cholakwika amakonza yekha. Aliyense amasankha ameneyo. Winayo ndi Mtsatadzanja, wamakani ngati apongozi. Amayala zonse monga zinalembedwera, ndipo akakayika amaima n'kukufunsani."

"Nanga Msalaza akakonza, ndidziwa bwanji pamene wakonzapo?"

"Simudziwa. Ubwino wake ndi umenewo."

Lonjezo anakumbatira makope aja. "Ine masamu ndinalekera Folomu 4, mayi. Akasintha za bambo anga sindingazindikire. Ndipatseni wamakaniyo."

"Ndiye mubwere ndi mphasa, mugona konkuno," anaseka mayiwo.

Ntchito inatenga masiku anayi. Makinawo ankafunsa mosatopa, apa pali 7 kapena 1, mzere uwu ukugawa kapena ukufufuta, ndipo Lonjezo ankasuzumira dzanja la bambo ake mpaka maso kuwawa. Buku litatuluka, mtima wake unagwa. Masamba ambiri anali ndi masamu odulidwa mzere pakati. Pa tsamba 12 samu yogawa inalakwika katatu motsatizana, ndipo m'mbali munali mawu akuti: "Chimbalanga, wagonanso. Yambiranso."

Anaganiza zolibisa bukulo kuti asawachititse manyazi malemuwo. Koma Sungeni anali atalitsegula kale, ndipo anaphulika kuseka.

"Ababa, agogo analephera samu iyi katatu! Aphunzitsi athunthu!"

"Usawaseke agogo ako, iwe."

"Ine ndailephera kawiri kokha. Ndawaposa."

Anatenga pensulo, nadula mzere umodzi pa samu yake yolakwika m'kope lake monga ankachitira agogo, n'kuyambiranso m'munsi. Lonjezo anatembenukira kukhoma kuti mwana asaone misozi.

Mayeso aja Sungeni analemba mpaka tsamba lomaliza. Sanakhale woyamba, koma anakhoza. Pasanathe mwezi, makolo a anzake anayamba kufola pakhomo pa mayi Kalinde, kufuna buku la mphunzitsi wolakwitsa uja, chifukwa Sungeni ankapita nalo kusukulu ndipo ana ankalimbirana kupeza pamene mkuluyo anaterereka. Lonjezo anapita kukathokoza atanyamula nkhuku, ndipo mayiwo anati sakudziwa ngati ailandire iwo kapena aipereke kwa makina.

Inu amene muli ndi makope akale kunyumba, chonde, mukamapita nawo kosindikiza muziuza makina kuti asafufute pamene mwini wake analakwitsa.